Dzuwa Linasochera pa Makwerero

Kunja kwa Cape Town, kumene nyumba zimathera n'kuyamba mchenga ndi zitsamba, kunali kampani yoyesa makina opangira magetsi ndi dzuwa. Pabwalo pake panali nsanja yaitali ndi magalasi oposa mazana awiri, omangidwa asanu ndi limodzi pa felemu iliyonse yachitsulo. Magalasiwo ankatembenuka okha kutsatira dzuwa, n'kumaponya kuwala konse pamalo amodzi pamwamba pa nsanja, pomwe pankatentha moti chitsulo chinkafiira.

Ntchito yotsuka magalasiwa inali ya Mackford Nyirenda, bambo wa ku Rumphi amene ankachita lendi kachipinda ku Mfuleni. Lachisanu lililonse injiniya wawo, mayi Safia, ankalozetsa galasi lililonse pa bolodi loyera la pansanja, kamera n'kuyeza ngati kuwala kwaphonya, ndipo Mackford ankamanga mabawuti mpaka galasilo liwongoke. Mayiyo ankakonda kunena kuti galasi likapendekeka ngati kukula kwa tsitsi limodzi, kunsanja kuwala kumakagwa kutali ndi pamene akufuna. Choncho aliyense wogunda felemu ankayenera kunena pompo.

Lolemba lina, mphepo ya kunyanja ikumuthira mchenga m'maso, Mackford anabweza ngolo yamadzi n'kugunda felemu ya mzere wakumapeto. Galasi silinasweke ngakhale limodzi. Anaiyang'ana uku ndi uku, naona ngati ili bwinobwino. Mwezi wapitawo n'kuti atamuchenjeza kale pa galasi lina limene anaswa, ndipo ankadziwa kuti kachiwiri n'kutsanzikana ndi ntchito. Anadziuza kuti Lachisanu si kutali, kamera idzaona yokha popanda wofunsa kuti anagunda ndani.

Koma mtima sunamukhale m'malo. Safia akangomuitana, ankaganiza kuti zadziwika. Lachiwiri ndi Lachitatu kunachita mitambo moti magalasi sanagwire ntchito, iye n'kumathokoza Mulungu chamumtima.

Lachinayi kunacha kopanda kamtambo. Hussen, mnzake wa ku Mangochi amene ankakwera naye takisi imodzi tsiku ndi tsiku, anatumidwa kukapukuta bolodi pokonzekera muyeso wa mawa lake. Munthu akamakwera, Safia ankalamula magalasi onse kuloza m'malere, pambali pa nsanja. Mackford anaimirira pafupi pamene Hussen ankamanga lamba wachitetezo. Anafuna kumuuza za felemu ija, koma anangomuyang'ana.

"Bwanji achimwene, mwadwala?" anafunsa Hussen.

"Ayi, ndi mutu chabe."

Hussen ali pakati pa makwerero, magalasi anayamba kutembenuka. Onse anamvera, koma asanu ndi limodzi aja anasesa nsanja ndi kuwala kwawo n'kukaima pa iye. Hussen anayera mbee ngati pepala. Mackford anamuona akutembenuza nkhope kuti aone chimene chikumuotcha kukhosi, kenaka akuphimba maso ndi manja onse awiri. Mapazi anaterereka. Anatsala lende pa lamba, akuzungulira m'kuwalamo, utsi ukufuka pa kolala ya ovolosi.

Apa pakamwa pa Mackford panatseguka. Anakuwa pa wailesi ya m'manja kuti ndi mzere wakumapeto, felemu yachitatu. Safia anagonetsa magalasi onse chafufumimba, koma makinawo amayenda ngati nkhono, ndipo kwa Mackford kamphindi kameneko kanatalika ngati chaka.

Atamutsitsa Hussen n'kumukweza mu ambulansi, Safia anatembenukira kwa Mackford. Sanakalipe. Anangofunsa kuti anadziwa bwanji felemu yake, pamene kompyuta yomwe inali isanadziwe. Mackford anaulula zonse, ndipo tsiku lomwelo anabweza ovolosi ndi makiyi.

Patapita masiku atatu analimba mtima n'kupita kuchipatala. Anapeza Hussen atakulungidwa mabandeji kukhosi ndi kumaso. Madokotala anali atanena kuti khungu lidzapola, koma diso lakumanja lidzangoona chifunga moyo wake wonse, ndipo za kukwera nsanja aiwale. Mackford anagwada pambali pa bedi, napepesa mpaka mawu anamuthera.

Hussen anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawuwo. "Ndinakufunsanitu, achimwene," anatero motsitsa. "Munati ndi mutu."

Mkazi wa Hussen, Tabia, sanamunyoze mlendoyo. Anamupatsa mpando, iye n'kupitiriza kumwetsa mwamuna wake madzi ndi supuni. Mackford anakhala pampandopo manja ali m'khosi, akuyang'ana bandeji lija. Mawu amene akanatenga mpweya umodzi Lolemba anali atachedwa, ndipo amene anabwera nawo tsopano sakanabweza diso. Akuluakulu sananame: pepani sapoletsa chilonda.