Nthambo Zokalamba ndi Khanda Lopanda Dzina

Kalekale, m'dziko lina, kunali nyumba yopangira magetsi ndi moto wa nyukiliya, moto woti ukapulumuka susiya ngakhale mwana wa m'mimba. Nthambo zouzimitsira zinkadutsa m'makoma otentha, zitakutidwa ndi pulasitiki. Pulasitiki imakalamba, koma m'khomamo ankaiona ndani? Malizani ankagwira ntchito m'katimo, ndipo mkazi wake woyembekezera ankakhala kuseri kwa mpanda.

Mayi Nasimelo, katswiri woyeza zipangizo, ankaika tizidutswa ta nthambo mu uvuni kuti tikalambe msanga. Atawerengera anauza mkulu wa nyumbayo kuti, "Bwana, chaka cha makumi atatu pulasitikiyi idzang'aluka."

Abwana anaseka. "Mayi, mwayamba liti kuombeza?" Pepala lawo analiponya m'kabati.

Bambo Kamwendo, okonza magetsi, za pepalalo sankazidziwa. Pomanga nyumbayo anapachika kanthambo kotsala pambali pa paipi yotentha, ndipo chaka chilichonse ankakapinda ndi zala. Chaka cha makumi atatu, pulasitiki yake inathetheka ngati chinangwa chouma. Anathamanga nako kwa abwana.

"Madala," anatero abwana, "kachinyalala aka kazimitse magetsi a dziko lonse?"

Ndaona, yemwe ankayang'anira mabatani, anamva. Anakumbukira pepala limene analiona m'kabati, analitulutsa. Anayang'ana chaka, anayang'ana kanthambo kaja, n'kulunjika pa batani lozimitsira moto.

"Iwe Ndaona, ukadina batanilo ntchito yakuthera!" anakuwa abwana.

Anadina. Moto sunamvere msanga. Malizani, ali m'kati, anagwada n'kumatchula dzina la mkazi wake. Kenaka makina anati zii.

Atagumula khoma, pulasitiki inkayoyoka m'manja ngati dothi. Akanachedwa, nthambozo sizikanazimitsanso moto. Komabe Ndaona anamuchotsa ntchito chifukwa chosamvera.

Sabata yomweyo mwana anabadwa. Malizani anamufukata mosamala, nati, "Amene anatipulumutsa ndiye atche mwanayu dzina."

Mayi Nasimelo anati, "Ndinatchula chaka tsoka lisanamere mano."

Bambo Kamwendo anati, "Pepala lanu linali m'tulo, mayi. Zinalidzutsa ndi zala zangazi."

Ndaona anati, "Makolo anga, nonse munalankhula, abwana anakuthamangitsani, munabwerera. Amene ndikudya kwa achibale lero ndine."

Mchombo wagwa, mwana akuyenera kutuluka m'chikuta, koma dzina alibe. Inu amene mwamva nkhaniyi, tandiuzani: mwa atatuwa, amutche dzina ndani?