Buleki Yoluma ya Lameki

Lameki wa ku Kapelula sankaugwira mtima akaona chinthu chotseka. Wailesi, loko, mpope wopoperera fodya, zonsezi anazimasulapo kuti aone za m'mimba mwake, ndipo zina sizinabwererenso m'chimake. Koma chomwe chinkamusowetsa mtendere chinali njinga yamoto yakalekale imene anasiya malemu bambo ake, omwe anali kapitawo ku esiteti. Kuthamanga inkathamanga, koma kuima inkachita kunyengereredwa. Lameki ankafinya buleki ndi chikhatho chonse atalumitsa mano, n'kumalizira ndi mapazi pansi. Nsapato zake sizinkatha mwezi.

Tsiku lina anachotsa tayala lakutsogolo n'kusuzumira m'mbale yachitsulo ya pakati pake, momwe mumakhala buleki. Anapezamo tizitsulo tiwiri topindika, toperepeseka ngati mutu wadazi. "Kani mphamvu yonse ija imagona pa timeneti?" anadzifunsa. Chidwi chinamunyamula, tayala paphewa, mpaka kwa Sufiyan, makaniko wa pa Njombwa.

Sufiyan anali ndi mbale yokulirapo, yochokera ku njinga ina yamphamvu, ndipo Lameki atangoiona maso anakanirira pomwepo.

"Kukwana ikwana, achimwene, koma imaluma iyi," anatero Sufiyan. "Anaipangira msewu wa tala, pamene kwanu kuja n'kumchenga. Muziigwira ndi zala ziwiri, ndipo muyambe mwaizolowera musananyamule katundu."

"Njinga iyi ndakulira pomwepo ine. Mangani basi!"

Anaimangadi. Lameki atabwezera tayala panjinga n'kuiyesa pabwalo louma la msika inaima nji, mwakuti anabwereza katatu konse akuseka yekha.

M'mawa mwake kunamveka kuti feteleza wa makuponi wafika. Banja la Lameki linapata kuponi imodzi yokha, ya thumba lobereketsa, ndipo chimanga kumunda chinali chitayamba kale chikasu. Thumba limenelo ndilo linali chakudya chawo cha chaka chonse.

"Bambo a Lonjezo, bwanji thumbalo libwere pangolo ya a Yobu?" anapempha mkazi wake Fainess. "Chinthu chanucho mwangochimanga dzulo."

"Ngolo ya chiyani, njinga tsopano ikumva?"

Pobwerera, thumba lili kumbuyo, anafika potsetsereka polowera kukhwawa, pomwe mvula imaunjika mchenga. Mbuzi inangoti tulukiru pamsewu. Mutu unakumbukira za zala ziwiri, koma dzanja, lozolowera kufinya zaka khumi, linali litafinya kale. Tayala linauma gwa n'kuterereka, njinga inagwada, mwini wake n'kudumpha mahandulo ngati chule. Thumba linadula malegeni, linang'ambika pamwala n'kugwera m'madzi.

Lameki anadzuka matope okhaokha, fupa losathyoka ngakhale limodzi, koma bola akanathyoka mwendo kusiyana ndi zimene anaona. Feteleza ankasungunuka ngati shuga mu tiyi. Anathamangira kuwola ndi chipewa, ndipo chimene anapulumutsa sichinadzaze n'chipewacho. Mtima unamuwawa kwambiri, mpaka bambo wamkulu analira pakhwawa.

Fainess atalandira chipewacho anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga njinga inaima?" anafunsa.

"Inaima."

"Ndiye mwapeza chomwe mumafuna."

Chaka chimenecho nkhokwe yawo inaona pansi mvula ina isanagwe, ndipo Lameki anakagwira ganyu yosoka fodya m'zigafa za anzake kuti ana adye. Buleki yoluma anaifuna yekha, koma anakana kuphunzira zobwera nayo. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope.