Ntchefu Alima ndi Nyanga

Sunthirani kuno, ndinena motsitsa, mng'ono wanu angadzuke.

Kalekale, pamwamba pa phiri paja pamene chisanu chimawaula udzu, padali Mfuko, dzina lake Nangondo. Iye n'kukumba basi. Fuku fuku, adye timizu, dothi aliponye panja. Mvula ikagwa, pa timitumbira taketo pankamera msipu wanthete, wobiriwira kuposa kwina konse.

Msipuwo udakoka Ntchefu, chinyama chachikulu ngati ng'ombe ziwiri. Akaponda, di, di, denga la una linkagumukira ana atatu a Nangondo, amene adali asanaphenye n'komwe.

"Atsibweni, pondani pang'ono, pansipa pali makanda."

"Msipu uli pano, ine ndikadyere kuti? Samuka iweyo."

Nangondo adabwerera mu una. Asamuke bwanji ndi ana ofiira m'chisanu chotere? Adapukuta dothi pamphuno pa wamng'ono, n'kutulukanso.

"Atsibweni, ine ndimachita manyazi. Timano tangati timalima malo ngati kambale. Inu ndi nyanga zimenezo, si mungalime phiri lonse?"

"Kodi msipu amachita kulima?"

"Nanga mumayesa umagwa ndi mvula? Taonani kutsidya kwa mtsinje uko, palibe wagwirako."

Dyera, ana inu, dyera. Ntchefu uyo, kutsidya. Mutu pansi, nyanga m'dothi, pote pote, pote pote. Mfuko akamakumba amasiya mizu ina kuti igwire nthaka. Koma Ntchefu sadasiye ngakhale tsinde limodzi la udzu, amvekere, "Kusiyasiya n'kwa tianthu ting'onoting'ono." Mwezi wathunthu akulima. Kuno ana akuyamwa mwamtendere, maso kuphenya, ubweya kumera, mano kutuluka.

Kenaka chimvula. Dothi lonse lija lidakokolokera mumtsinje, kutsala mwala wokhawokha.

Ntchefu adabwerako nthiti zili poyera, nyanga zitapotoka ngati chingwe. Adaima patali, osayerekeza kuponda.

"Nangondo, mwana wa mlongo wanga, munda wanga wapita ndi madzi."

Nangondo adafuna kuseka, koma chisoni chidamugwira. Ndi atsibweni ake ndithu, ngakhale mutuwo ukulu chabe.

"Musalire. Alimi ndili nawo atatu tsopano. Tikukumbirani timitumbira kumtunda uko, kutali ndi nyumba. Inu muzisiyako ndowe. Ntchito imeneyo ndiye mumaitha."

"Imeneyo ndimaithadi," adatero Ntchefu, n'kuyamba pompo.

Mpaka lero nyanga za Ntchefu n'zopotoka, ndipo akaona kamtumbira ka Mfuko amalambalala ngati mkamwini waona apongozi.

Nthano yanga yathera pamenepa, wina akaphule mbatata isanapserere. Koma mukakula, amene akukulimirani chakudya musamamuponde padenga. Mimba yanu ili m'mano mwake.