Mpando Umodzi Pambali pa Mwandida

Ndikulumbira pali malemu atate anga, zonsezi nzoona, wokayika akafunse pa Bawi!

Kalekale, foni yojambula ikadali chinthu chachilendo, kunali mtsikana dzina lake Mwandida. Iyeyu mtima wake unali pa kupanga mafilimu, aja oonetsa munthu wonyozeka amene pamapeto pake amapambana. Koma abale ankafuna kuti aziyendetsa chigayo cha banja. Amayi obwera kudzagayitsa ankamuseka mpaka ufa kuwalowa m'mphuno.

Woseka wamkulu anali malume ake, a Kachigamba, mwinimbumba. Tsiku lililonse ankakhala pakhonde la chigayo n'kumalalata.

"Iwe mwana, kanemayo amadyera ndiwo yanji?"

Mwandida ankangobisa foni m'lichero la madeya, n'kumawajambula. Kulalata konseko kunalowa mufilimu, ndipo mpamene anthu ankapakonda. Akuti woweruza wina wa mpikisano wa mafilimu ku Lilongwe anaseka mpaka dzino linaguluka n'kugwera m'kapu ya tiyi. Onse anavomereza kuti popanda mkulu wolalatayo, filimu panalibe.

Mayi ake, a Nangozo, pamaso pa mlongo wawo ankangoti eya, mwanayu ngosamva. Koma kukacha ankanama kuti amutuma kudimba, iye ali kojambula. Mizere yake ankapalira okha, kuwonjezera pa yawo. Msana unapindika chaka chomwecho, mpaka lero sunawongoke.

Ndiye panali mchimwene wake, Lufeyo, goloboyi woti mpira unkachita kumuopa. Timu ina ya m'tauni inamuitana. Atamva malume akunena kuti mmodzi mwa awiriwo atsale pachigayo, zivute zitani, anakoleka nsapato zake za mpira pamsomali, nati mlongo wakeyo apitirize. Phokoso la injini ya chigayo lamugonthetsa khutu limodzi.

Filimu ija inapambana. Uthenga unafika woti Mwandida apite kukalandira ulemu pamaso pa khamu m'holo ya ku Lilongwe, ndipo atenge munthu mmodzi yekha wokakhala pambali pake, amene akamutchule kuti ndiye anamufikitsa pamenepo.

A Kachigamba anasitiratu jekete, akuuza aliyense kuti nkhope imene anthu akufuna kukaiona ndi yawo. A Nangozo anati iwo za m'tauni sazitha, apite ena. Komabe Mwandida anawaona akuyesa chitenje chatsopano kuseri kwa nkhokwe. Lufeyo sanapemphe kanthu. Anangofunsa, akukuntha ufa m'tsitsi:

"Achemwali, holoyo ili pafupi ndi bwalo la mpira?"

Mwandida anaima pamsewu, basi ikubwera, atatu onse ali kumbuyo kwake.

Za dzino zija ndangothirako mchere, bamboyo mano ake ali onse. Koma mpando unalidi umodzi. Tsono inu, Mwandida akwere ndi ndani: malume amene chipongwe chawo chinakometsa filimu, mayi amene anapereka msana, kapena mchimwene amene anasiya loto lake kuti la mlongo wake litheke?