Chiwongolero cha a Chimphepo

Ana inu mumayesa kuti aliyense wokukanizani chinthu ndi mdani. Tamverani za a Chimphepo, kalipentala wa ku Dedza, munthu waluso koma wosamva za mnzake.

Mlamu wawo wa ku Joni anawatumizira galimoto m'mabokosi, zidutswa zokhazokha zoti alumikize okha. Analimbana nayo miyezi isanu, n'kulumbira kuti mwana wawo Tiyanjane adzakwera yomweyo pa ukwati wake, kutsika mapiri mpaka ku Golomoti. Chiwongolero cha m'bokosi anachinyoza, ati chikuoneka ngati mbale ya pulasitiki, ndiye anasema chawo cha mbawa. Koma thabwalo linakhuthala, nati yomangira inakana kugwira. Iwo anangokhomapo msomali wa sikisi inchi, n'kukulunga ndi malegeni.

Tsono galimoto siyenda pamsewu popanda chiphaso, ndipo woyeza anali a Mwatsika, oyandikana nawo nyumba. A Chimphepo anati apa zatheka kale.

Ulendo woyamba a Mwatsika anagwedeza chiwongolerocho n'kunena kuti, "Chikusewera ichi. Kaikeni nati." A Chimphepo anakawonjezera malegeni, n'kupaka vanishi. Anabwezedwanso. Anthu ena amatopetsa, ana inu: ukawauza kuti denga likudontha, amakapenta chitseko.

Ulendo wachitatu unali Lachisanu, ukwati uli mawa lake. A Chimphepo anafika mtima uli m'mwamba, atatopa nazo.

"Achimwene, ndinakulakwirani chiyani? Misomali yomweyi ndi imene ikugwira denga lanu lija ndinakhoma ine. Ilephere kathabwa aka?"

"Denga silikhota pakona, achimwene."

"Ndi nsanje basi. Mukufuna mwana wanga akakwere minibasi atavala velo, mudzi wonse undiseke."

A Mwatsika anaimika migolo iwiri pabwalo loyezera. "Zungulirani apa, mukhote mwamphamvu. Mukatha, ndisaina."

A Chimphepo analowa monyada. Mgolo woyamba anaudutsa bwino. Pa wachiwiri anapotokola ndi mkwiyo wonse, msomali uja n'kuthyoka. Chiwongolero chinatsala m'manja mwawo, galimoto n'kumapita kumene yafuna, mpaka inakaima mumpanda wa minga. Bambo wamkulu anangokhala atanyamula mbawa yake m'malere.

A Mwatsika nawo anali atafika pakhosi. Anayenda pang'onopang'ono, n'kuwagwira khutu ngati mwana wa sukulu, kuwaweramitsa kuti aone chitsulo chopanda kanthu pamene panali chiwongolero paja.

"Apa pali minga. Mawa pakanakhala phompho, Tiyanjane ali kumbuyoku."

A Chimphepo anachita manyazi, kenaka mantha. Masana omwewo anasema thabwalo kuti lichepe, nati inagwira, ndipo chiphaso chinasainidwa. Akazi awo ataona khutu lofiira, anaseka n'kunena kuti, "Wakutsina khutu ndi mnansi."

Mawuwo anafala mpaka lero. Tanthauzo lake n'lakuti wokuchenjeza, ngakhale mopweteka, ndiye amakufunira moyo. Mwa anthu onse amene ankaima pamsewu kuyamikira mbawa yonyezimira ija, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa chimene chaigwira. Akanabweranso omwewo kudzapepesa maliro.