Poloti ya Apongozi a Chidzanja

Kalekale, anthu atafuna kumanga tauni m'mbali mwa nyanja ya mchere, anaitana woyeza malo, dzina lake Chidzanja. Munthu wa kumapiri, nyanja anali asanaionepo.

Atafika, anapeza madzi ali kutali, mchenga uli mbee.

"Malo onsewa angokhala? Apa msika, apa msewu. Pabwino apa, poloti ya apongozi anga."

Khoo! Khoo! Khoo! Zikhomo pansi.

Nkhanu anasuzumira pauna. "Bwana, mwakhoma padenga langa."

"Uli ndi pepala?"

"Ndilibe. Koma mwini malo wangopita kokayenda, abwera masana."

"Akabwera, alembe kalata."

Chidzanja anapita kukadya. Mawa lake, zikhomo palibe. Anakhomanso. Khoo! Khoo! Khoo!

Kamba wa m'madzi anatulukira. "Bwana, msewu wanuwu wadutsa pa mazira anga."

"Uli ndi pepala?"

"Ndilibe. Koma mwini malo..."

"Alembe kalata!"

Mawa lake, zikhomo palibenso.

"Akuba!" anatero Chidzanja. Anatumiza uthenga kwa apongozi ake, a Nachisale, kuti adzalondere okha poloti yawo. Anabwera ndi mpando, nakhala pakati penipeni. Chidzanja anaima patali atayang'ana kumbali, paja mkamwini sayandikira apongozi.

Masana, mwini malo uja anafika. Waaa! Madzi m'mapazi.

"Akamwini, kodi poloti ino ili ndi mpope kale?"

"Chitukuko chimenecho, amayi."

Waaa! Madzi m'mawondo. Tinsomba tayamba kuwajompha zala.

"Akamwini, tsekani mpopewo!"

Waaa! Mpando uyo, wanyamuka.

"Akamwini, ndiberekeni!"

"Amayi, mwambo!"

"Mwambo umasambira? Werama, iwe!"

Chidzanja anawerama. Anabereka apongozi kumsana, maso atatsinzina chifukwa cha ulemu. Osaona njira, analowera kwakuya.

"Kumanzere, bwana!" anafuula Nkhanu. Koma kumanzere kwa nkhanu ndi kuti? Anazungulira katatu, apongozi akumuwongolera ndi makutu ngati njinga, mpaka phuu, pamtunda, anthu onse a tauni akuonerera.

Tauni anaimanga kumtunda. A Nachisale anapatsidwa poloti pamwamba pa chulu, ndipo mkamwini wawo akamadutsa, iwo ankangoti, "Basi yanga iyo."

Mwamva, ana a sukulu inu? Usanakhome chikhomo, funsa amene amagona pansi pake, ngakhale sadziwa kulemba. Enanu mumadziwa kulemba, ndiye tsegulani makope, ine nthawi ndilibe.

Nthano yanga yathera pa chulu pomwepo.