Mwala Wogulula Mano

Mfumu Gontho inafukula mwala wofiira wonyezimira m'manda a mafumu akale, osadziwa kuti unali wotembereredwa: mwini wake ankaguluka dzino limodzi mwezi uliwonse. Mano atatsala anayi, inaitanitsa Nasibeko, mayi wophika mchere.

"Landira mphatso. Kuyambira lero mwalawu ndi wako. Ukakana, mutu wako udulidwa."

Nasibeko anagwada, nalandira ndi manja awiri.

"Zikomo, mfumu. Koma ndifunseko, poti ine ndine mbuli. Chaka chatha, potilanda ng'ombe, munalengeza kuti chilichonse cha munthu wa m'dziko muno ndi chanu, ngakhale chipande. Ndiye mwalawu ukakhala wanga, si wanube?"

Mfumu ikanati anthu ali ndi zawozawo, ng'ombe zonse zikanabwerera kwa eni ake. Mfumu inayang'ana kukhola, inayendetsa lilime pa timano take, nisankha ng'ombe.

"Ndikakusungireni kunyumba, kapena musunga nokha?" anafunsa Nasibeko, akuika mwalawo pamapazi a mfumu.

Mlonda wina, amene Nasibeko anamupatsako mchere waulere pa maliro a mayi ake, anamutsegulira chipata osadikira lamulo.